Miyezi 14 ndi sikirini yoyendetsera pampu ya sola: Kivy ndikhala nayo, koma za wogulitsa ndikuganizabe

Lachiwiri lapitali zinthu ziwiri zinandipeza tsiku limodzi. M'mawa inali imelo ya munthu amene anandigulitsa sikirini yoyendetsera pampu, kundikumbutsa kachiwiri kuti chaka chathu cha chithandizo chinatha mu Ogasiti, ndipo ngati ndikufuna azindiyankhabe ndikakhala pa vuto, ndilipire R2,400 (marandi a ku South Africa). Madzulo ake mnzanga amene tinaphunzira limodzi zamagetsi anandilembera pa WhatsApp: "Achimwene, kamakina munaika ku Salima kaja kakugwirabe? Pali bambo wina akufuna kotero komweko pachigayo chake. Ndikagule kwa munthu wanu yemwe uja?" Ndinalemba "gulani", n'kufufuta. Ndinalemba "musagule", n'kufufutanso. Yankho lake ndi lalitali kuposa la pafoni, ndiye ndati ndililembe pano, mwina lithandizanso wina amene akuganiza zoyamba ntchito yangati iyi.

Mu Ogasiti 2023 kalabu ya alimi a mthirira ku Salima inandipatsa ntchito yoika makina oyendetsera pampu yawo ya sola ndi mavalavu anayi ogawira madzi m'magawo anayi a munda. Zipangizo ndinagula kwa munthu wina wa ku Johannesburg pa R6,900: kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi 4, sikirini yogwira ndi chala ya mainchi 7, bokosi losalowa madzi, bolodi ya ma relay (timaswichi totsegula ndi kutseka mavalavu), kachipangizo ka RS-485 kolankhulirana ndi inveta ya pampu kudzera pa Modbus, ndi memori khadi imene iye anali ataikamo kale zonse. Pamtengo womwewo panali chithandizo cha chaka chimodzi ndi zithunzi zake zopangiratu, monga geji yoonetsa mphamvu ya magetsi ndi ina yoonetsa madzi. Ntchito yanga inali yolemba masamba a pa sikirini mogwirizana ndi munda wa alimiwo.

Chimene chinandikopa kwenikweni sichinali bokosilo ayi, koma kalembedwe ka masambawo. Zonse zimayenda pa Kivy, pulogalamu yaulere ya Python imene inatuluka mu 2011, ndipo laisensi yake ya MIT imalola kuti uigwiritse ntchito ngakhale pa malonda osalipira aliyense. Kivy ili ndi chilankhulo chakechake chotchedwa KV. M'malo mouza kompyuta kuti panga batani, liike apa, panga lina, liike apo, umangofotokoza kuti chiyani chili m'kati mwa chiyani, monga mmene munthu amafotokozera banja lake: awa ndi agogo, awa ndi ana awo, izi ndi zidzukulu. Ngakhale Kivy yomweyo imati kholo ndi ana. Mzere ukalowa m'kati, ndiye kuti chinthucho ndi mwana wa chimene chili pamwamba pake. Tsamba loyamba limene ndinalemba linayamba chonchi:

```
<TsambaLaPampu>:
    BoxLayout:
        orientation: "vertical"
        Label:
            text: "Madzi m'thanki"
        BoxLayout:
            Button:
                text: "Yatsani"
                on_release: app.yatsa_pampu()
            Button:
                text: "Zimitsani"
                on_release: app.zimitsa_pampu()
```

Bokosi lalikulu (BoxLayout yoyamba) limasanja ana ake chotsika: mawu pamwamba, bokosi laling'ono pansi. Bokosi laling'onolo limasanja mabatani awiri chopingasa. Basi. Amene analembapo HTML, kapena XML ya Android, kapena QML ya Qt, aona kuti maganizo ake ndi amodzi. Ine ndinachokera ku Tkinter, njira ina yopangira masamba mu Python, kumene ndikasiya ntchito miyezi iwiri n'kubwereranso, ndinkatha ola lathunthu ndikufufuza kuti batani ili kholo lake ndi liti. Pa KV, ngakhale patapita miyezi 14, ndikatsegula fayilo ndimaona maonekedwe a tsamba ndisanayatse n'komwe sikirini. Ichi chokha sindinanong'onezepo nacho bondo ngakhale tsiku limodzi.

Zimene zakhala zikugwira popanda dandaulo ndizitchule mwachidule. Kusintha masamba ndi ScreenManager sikunavutepo. Manambala ochokera ku inveta amasintha okha pa sikirini ukangowamangirira ku property (malo osungira nambala amene Kivy imayang'anira), osachita kuwakankha. Magetsi akabwera makina amadzuka okha n'kufika pa tsamba loyamba. Bokosi silinalowe madzi dzinja lonse, ndipo nyerere zalephera kulowamo. Kutentha kwa Okutobala ku Salima ndinkakuopa kwambiri, poti Raspberry Pi imayamba kudzichepetsa liwiro ikafika madigiri 80, koma nditakhoma bokosi kukhoma la kumthunzi la kanyumba ka pampu, siinafikepo pamenepo. Pachiyambi sikirini inkauma masekondi angapo inveta ikachedwa kuyankha. Ndinasamutsira kuwerengako pa thread ina, ndiye kuti kuzichitika pambali osaimitsa sikirini, zotsatira zake n'kumazibweza ndi Clock.schedule_once, ndipo zinathera pomwepo.

Zovuta zing'onozing'ono za KV ziliponso. Ukalowetsa mizere m'kati mosafanana, fayilo yonse imakana. Ukalemba height koma osaika size_hint_y: None, kholo limangonyalanyaza n'kumupatsa mwanayo malo amene lafuna. Ukalowetsa mabokosi m'kati mwa anzawo kupitirira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ubwino uja wowerenga mosavuta umatha, ndipo ndi bwino kudula chigawocho n'kuchipatsa dzina lake. Izi munthu amaziphunzira sabata yoyamba.

Kuika Chichewa pa sikirini kunandiphunzitsa zinthu ziwiri zimene simungazipeze msanga m'malangizo. Choyamba ndi kachizindikiro ka mu "m'thanki" kapena "ng'amba". Zitsanzo zambiri za Kivy zimatsekera mawu m'tizizindikiro timodzitimodzi, ndiye ukalemba "m'thanki" motero, kompyuta imaganiza kuti mawu athera pa "m". Ine tsopano mawu onse ndimawatsekera m'tiwiritiwiri ngati mmene mwaonera pamwambapa. Chachiwiri, mawu athu ndi aatali. "Tsegulani gawo lachitatu" salowa pa batani limene linapangidwira mawu achizungu a zilembo zinayi, ndipo Label ya Kivy siithyola mzere yokha mpaka utaiuza text_size. Ndinatha madzulo awiri ndikukonza zimenezi, koma tsiku limene bambo oyang'anira pampu anawerenga okha "Thanki yadzaza" osafunsa mdzukulu wawo, ndinaona kuti madzulo awiriwo sanapite pachabe.

Pamenepa ndi pamene ndinayambanso kuona mbali ina ya wogulitsa. Mageji ake anabwera otsekedwa, osatheka kuwatsegula n'kusintha za m'kati. Geji ya madzi ikaona kuti pampu ikukoka mphepo imalemba chenjezo m'Chingerezi ndi zilembo zofiira, ndipo panalibe njira yoti ndilitembenuze. Ndinamupempha kawiri. Anati aganizira. Mpaka lero.

Tsopano nkhani imene yandidya kwambiri.

Patangotha sabata imodzi chiikireni makinawo, bambo oyang'anira pampu anandiimbira. Ndi munthu wachikulire, wolima tomato ndi anyezi kuyambira ine ndisanabadwe. Anati, "Mwana wanga, makina anuwa kuwerengetsa sadziwa. Ine ndikati mphindi 5, iwo akuti 10. Ndikati 15, iwo akuti 30." Panali batani lowonjezera nthawi yothirira, lodumpha mphindi zisanuzisanu. Pa laputopu yanga linkayenda bwinobwino. Ndinawauza kuti, "Bambo, mwina chala chikumagunda kawiri, muzidina pang'ono ndipo m'manja muzikhala mouma." Iwo anangoti, "Chabwino, mwana wanga," osatsutsa. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuwerengetsa mumtima: akafuna mphindi 30 ankadina katatu m'malo mwa kasanu ndi kamodzi, akafuna 25 ankasankha kuti munda umwe mopyola kapena mopelewera. Miyezi iwiri yathunthu anagwira ntchito chonchi chifukwa ine ndinakhulupirira laputopu yanga kuposa mawu awo. Zimandiwawabe ndikakumbukira.

Vutoli linaonekera poyera mu Okutobala. Alimi anapempha kuti mavalavu onse anayi akhale pa tsamba limodzi, ndipo poti malo anali ochepa, ndinachotsa mabatani awiriawiri a "Tsegulani" ndi "Tsekani" n'kuika ToggleButton imodzi pa valavu iliyonse: kudina kamodzi atsegule, kudinanso atseke. Nditafika nazo kumunda n'kudina, relay inalira "tha-tha" kawiri motsatizana, valavu osatseguka. Kudinanso, "tha-tha". Ndinaganiza kuti bolodi ya ma relay yawonongeka. Ndinajambula kavidiyo n'kutumizira wogulitsa, ndipo apa ndimuyamikire: sanandifunse zambiri, anatumiza bolodi ina pa basi ya ku Johannesburg osandilipiritsa. Inatenga masiku 9. Masiku onsewo ndinabwezeretsa tsamba lakale la mabatani awiriawiri kuti madzi asaime, poti tomato anali atayamba maluwa ndipo dzuwa linali loswa mtengo.

Bolodi yatsopano itafika, ndinakwera minibasi kuchokera ku Lilongwe, mtunda wa pafupifupi makilomita 100, n'kukaisintha. Kudina batani, "tha-tha". Chimodzimodzi.

Ndinakhala pa njerwa m'kanyumba ka pampu, laputopu pamiyendo, thukuta likutsikira pa kiyibodi. Ndinayamba kukayikira chinthu chimene chimapusitsa ambiri pa Kivy. Ngati pulogalamu yako waitcha PampuApp, Kivy imakatenga yokha fayilo yotchedwa pampu.kv, ukaitsegulanso wekha ndi Builder.load_file, malamulo onse amalowa kawiri, zinthu zimaoneka ziwiriziwiri ndipo batani limachita ntchito kawiri. Ndinafufuza, sizinali zimenezo, ndiponso zikanakhala zimenezo laputopu ikanaonetsa vuto lomwelo. Kenako ndinawonjezera mzere umodzi woti nthawi iliyonse sikirini ikakhudzidwa, pulogalamu ilembe kumene kukhudzako kwachokera. Ndinaika chala kamodzi. Panatuluka mizere iwiri. Wina ukuti kwachokera ku mouse, wina ukuti kwachokera ku galasi la sikirini.

Kivy ili ndi fayilo yotchedwa config.ini, ndipo m'menemo muli chigawo cha [input] chimene chimatchula njira zimene pulogalamu izimvera zala ndi mouse. Pa memori khadi ya wogulitsa, njira ziwiri zinali zotsegula nthawi imodzi, ndipo zonse zinkamva chala chimodzi chomwecho. Batani la "Yatsani" likadinidwa kawiri palibe chimene chimaoneka, pampu imangoyaka. Batani lowonjezera mphindi limadumpha kawiri. Batani lotsegula ndi kutseka limatsegula n'kutseka nthawi yomweyo. Bambo aja ankanena zoona kuyambira tsiku loyamba. Ndinatuluka panja n'kuwapeza akumangira tomato ku timitengo, ndipo ndinawapepesa. Anati, "Palibe kanthu, mwana wanga, bola mwachipeza." Anasamba m'manja, analowa, anadina kamodzi, pa sikirini panalembedwa 5. Anadinanso, 10. Anaimirira pamenepo akudina mpaka 60, kenako n'kubwerera pa 0.

Ndinabwerera ku Lilongwe mtima uli m'malo. M'mawa mwake foni: "Mwana wanga, ayambiranso."

Apa cholakwa chinali changa, ngakhale chinayambira pa kaikidwe ka wogulitsa. Fayilo ya config.ini imakhala m'foda yobisika ya .kivy ya munthu amene akuyendetsa pulogalamu. Ine ndinakonza ya dzina limene ndinalowera, n'kuyesa poyatsa pulogalamu pamanja, ndipo zinagwira. Koma makina akadzuka okha m'mawa, systemd, imene imayatsa mapulogalamu makina akamadzuka, inkayatsa pulogalamuyo pa dzina la root, lomwe ndi la wamkulu wa makina onse, ndipo root ali ndi config.ini yakeyake imene ndinali ndisanaikhudze. Wogulitsa sanalembe paliponse kuti anaika chonchi. Ulendo wina wa ku Salima, kukafufuta mzere umodzi. Madzulo a tsiku limenelo ndinamulembera uthenga wautali wofotokoza vuto lonse, mzere wake weniweni ndi malo ake, kuti akonze pa makhadi amene akugulitsa kwa ena. Anathokoza bwino kwambiri, nati akonza sabata yomweyo.

Novembala, Disembala ndi Januwale zinadutsa mwabata, ndipo mukanandifunsa nthawi imeneyo ndikanati gulani osaganiza kawiri.

Ndiye kunabwera Febuluwale 2024. Amene anali kumunda akukumbukira ng'amba ya El Niño imene inapsereza chimanga chikuyamba ngaiyaye, mpaka mu Marichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Pampu imene m'dzinja imayenera kupuma inkagwira ntchito tsiku lililonse, alimi akuyesetsa kupulumutsa chimanga cha pafupi ndi mapaipi. M'mawa wina sikirini inangoyaka kuwala kopanda kanthu. Batire yaing'ono yodyetsa Raspberry Pi inali itafooka, magetsi anaduka m'bandakucha makina ali m'kati molemba pa memori khadi, ndipo khadiyo inasokonekera. Pulogalamu ya wogulitsa inkalemba manambala a inveta pa khadiyo pafupipafupi usana ndi usiku, ndiye kuti magetsi aduke ili m'kati molemba sizinali zodabwitsa.

Ndinaimbira wogulitsa cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo anayankha. Anakhala nane pafoni pafupifupi ola, anandilondolera mmene ndingayendetsere pampu pamanja kuchokera pa inveta kuti alimi asagone ndi nkhawa, kenako ananditumizira fayilo yonse yoti ndiike pa khadi yatsopano. Usiku umenewo ndinamuona ngati m'bale wanga. Kukopera fayiloyo kunandimalizira bandulo ya mwezi wathunthu, koma sindinadandaule. Mafayilo anga a KV ndinali nawo pa laputopu ndi pa fulashi, ndiye kubwezeretsa masamba kunali kwa mphindi zochepa. Ndinafika ku Salima, ndinalowetsa khadi, makina anadzuka, ndinadina valavu ya gawo loyamba.

"Tha-tha."

Miyezi inayi chimuuzireni, mzere uja unali pomwepo. Ulendo uno kukonza kunanditengera mphindi ziwiri, poti ndinkadziwa kale popita. Koma mkwiyo wake unatenga masiku. Ndinkaganiza za munthu wina kwinakwake amene wagula bokosi lomweli, wopanda laputopu kapena wosadziwa kumene config.ini imakhala, akuuza nkhalamba ina kuti chala chake chikunjenjemera. Nditamufunsa anati ambiri mwa ogula ake sagwiritsa ntchito mabatani a mtundu umenewo, ndiye sanaone changu. Yankho limeneli ndi limene limandibwerera m'mutu nthawi iliyonse ndikatsegula imelo ya R2,400 ija.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kudalira kaikidwe kake. Kivy imalola kuti uiuze kumene izikasunga zoikamo zake kudzera pa KIVY_HOME, ndiye config.ini ndinaisamutsira m'foda yanga, limodzi ndi mafayilo a KV, moti kaya pulogalamu iyatsidwe ndi ndani, imawerenga yomweyo. Mu raspi-config ndinayatsa overlay file system kuti khadi izingowerengedwa osalembedwapo kanthu, ndipo manambala amene tikufuna kusunga amapita pa fulashi, kamodzi pa mphindi 10. Batire tinagula ina. Kuyambira Febuluwale magetsi adukapo kangapo, khadi ikadali bwino.

Mkwiyo womwewo ndi umene unandibweretsera chinthu chimene chandisangalatsa kuposa zonse. Ndinati geji yake ya madzi yolankhula Chingerezi ija ndiichotse, ndipange yanga. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya sabata. Mu KV chinthu chilichonse chili ndi canvas, pamene ungajambule wekha. Ndinajambula bokosi lotuwa, m'kati mwake bokosi labuluu, n'kunena kuti kutalika kwa labuluulo kukhale kutalika kwa thanki kuchulukitsa ndi mulingo wa madzi. Mizere yosakwana 20. Mulingo ukasintha, madzi a pa sikirini amakwera okha, chifukwa KV imayang'anira yokha zinthu zimene wazitchula mu mzere n'kuwerengetsanso zikasintha. Pansi pake ndinaika mawu ofiira akuti "Pampu ikukoka mphepo, zimitsani". Ndinamaliza nsima isanapse. Ndinakhala chete kanthawi ndikuyang'ana kathanki kangako, ndikudzifunsa kuti nanga chimene ndinkalipira chija n'chiyani.

Chinanso chinachokera kwa mayi msungichuma wa kalabu. Panali kusamvana kwa nthawi yaitali pa zopereka, ena akuti gawo lachiwiri limamwa madzi ambiri koma limapereka mofanana ndi anzawo. Mayiwo anandifunsa kuti, "Achimwene, makinawa sangatisungire kuti gawo lililonse lamwa maola angati?" Ndinawonjezera tsamba limodzi: GridLayout ya mizati itatu, dzina la gawo, maola a sabata ino, maola a mwezi uno. Madzulo amodzi. Tsopano pa msonkhano wa mwezi amangopita kukanyumba ka pampu ndi kope lawo n'kukopera manambala, ndipo a tcheyamani akuti nkhani ya zopereka siitenganso msonkhano wonse. Ndikanakhala kuti ndinagula sikirini yotsekedwa yonse, yofuna pulogalamu ya kampani kuti usinthe kanthu, pempho la mayiwo likanathera m'malere.

Tsopano za ndalama. Pamene ndinkagula, kwacha inali isanagwe. Mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo R2,400 ya lero si R2,400 ya nthawi imene ndinkagwirizana naye. Kupeza ndalama zakunja kubanki nakonso ndi nkhani ina. Ine ndimadalira msuweni wanga wa ku Johannesburg, amalipira kumeneko, ine n'kupereka makwacha kwa mayi ake kuno. Ndipo ndalamayo siichokera m'thumba mwanga mokha, imachokera ku tomato ndi anyezi wa anthu amene mu 2024 ng'amba inawapweteka kale. Ndiye ndinakhala pansi n'kuwerengera zimene chaka cha chithandizo chinandipatsa. Mafunso anayi oyankhidwa. Bolodi imodzi yaulere imene siinkafunika n'komwe. Usiku umodzi wa pafoni umene unali wamtengo wapatali, sindikana. Khadi imodzi yobwera ndi vuto lakale. Mbali inayo, maulendo atatu a ku Salima amene sakanakhalapo mzere umodzi uja ukanakhala wolondola, ndi masiku amene ndinasiya ntchito zina. Ndikaika zonsezi pa sikelo, masiku ena zimalemera mbali yake, makamaka ndikakumbukira usiku wa Febuluwale uja. Masiku ena ndimangomva "tha-tha".

Wogulitsa ndinamulembera sabata yatha ndi maganizo awiri. Loyamba, andigulitse mageji ake otsegula, ndilipire kamodzi basi. Anakana, nati ndi pamene amadyera, ndipo ndikumumvetsa. Lachiwiri, ndizilipira pa vuto lililonse likachitika m'malo molipira chaka. Anati aganizira, mawu omwe aja ananena pa nkhani ya Chichewa. Pakali pano geji yake imodzi yokha ndi imene yatsala pa sikirini, ya mphamvu ya magetsi, ndipo nayonso ndikudziwa kuti ndikhoza kuijambula ndekha Loweruka limodzi.

Mnzanga uja ndinamuyankha chonchi. Bokosi, sikirini ndi bolodi, gulani kwa iye ngati mtengo ukadali womwewo, chifukwa ndi zolimba ndipo katundu amatumizadi. Koma mumufunse mtengo wopanda chithandizo ndi mageji, ndipo memori khadi mukaike nokha kuyambira pachiyambi kuti muzidziwa chili chonse chimene chili m'menemo. Tsiku loyamba dinani batani kamodzi n'kuwerenga kuti pulogalamu yamva kangati. Ndinamuchenjezanso kuti chigayo si pampu. Fumbi la ufa limalowa paliponse, ndipo mota yaikulu imasokoneza waya wa RS-485 ngati wayandikana ndi mawaya a magetsi, ndiye agule waya wokutidwa n'kuupatula. Chachikulu, batani lozimitsira mwadzidzidzi lisakhale pa sikirini. Likhale lofiira, logwirika ndi dzanja, lodula magetsi a kontakita (swichi yaikulu yoyatsira mota) mwachindunji, loti ngakhale Raspberry Pi itafa chigayo chiime. Ine ndaona chala chimodzi chikumveka kawiri, ndipo sindingafune zimenezo zichitike dzanja la munthu lili pafupi ndi lamba.

Anandifunsanso ngati ndilipira R2,400 ija. Ndinamuuza kuti ndakambirana ndi a tcheyamani ndi mayi msungichuma, ndipo tagwirizana kudikira yankho la wogulitsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno. Akavomera zolipira pa vuto lililonse, tikhala naye. Akakana, gawo la ndalamayo tigulira makhadi awiri abwino, ndiikemo zonse, imodzi ikhale kwa ine ku Lilongwe, ina m'kabotolo kotseka bwino m'kanyumba ka pampu. Bambo aja ndawaonetsa kale mmene amazimitsira makina, kutulutsa khadi ndi chikhadabo n'kulowetsa ina, ndipo anayeseza kawiri ine ndikuona.